Madala Owerengera Ndege ndi Masamba Anga Atatu

Sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndipo chiyambire tsiku limenelo mkwiyo wanga ndakhala ndikuphwetsera pa mabuku. Ndimawerenga chilichonse chogwera m'manja: mbiri ya nkhondo, kawetedwe ka njuchi, ngakhale kapepala ka m'bokosi la mankhwala a chifuwa. Mutu wanga uli ngati mulu wa kaunjika. Jekete labwino mukhoza kulipezamo, koma mabatani ake ali m'mulu wina. Mkazi wanga amati ndimadziwa chimene chimagwetsa mvula koma ambulera ndimaiwala m'basi. Sanama.

Zaka zimene ndikukambazi ndinkagwira ntchito ya keya pa nyumba ina yosamalira okalamba ku Croydon, m'dziko la Angelezi. Tinkakhala ku Thamesmead, ndiye ulendo wake unali basi, sitima, kenako tiramu, kasitima ka magetsi koyenda m'tauni. Ena akanalira nawo mtunda umenewu. Ine ndinkauyesa sukulu yanga, ndipo buku silinkachoka m'thumba la yunifomu. Pa nyumbapo panali anesi a kwathu, mayi aakulu kwa ine, amene ndinkawatcha Achemwali. Iwo anandipatsa dzina loti a Pulofesa. Ndinkachita ngati likundinyansa, chonsecho mumtima ndikuvina.

M'chipinda cha pansi chakumapeto munkakhala nkhalamba ina ya Chingelezi, ya zaka zopitirira makumi asanu ndi anayi. Ife awiri tinkangoti Madala. Anali aatali, owonda, ovala tayi tsiku lililonse ngakhale pa tsiku losamba. Mutu unali utayamba kuwataya. M'mawa ankakhala bwinobwino, koma dzuwa likapendeka zaka zinkawasokonekera. Zenera lawo linayang'ana ku dimba la maluwa la pa nyumbapo. Kuseri kwa dimbalo kunali mpanda wokhala ndi kageti, kenako bwalo lalikulu la mpira, ndipo kutsidya kwa bwalolo ndiko kunkadutsa njanji ya tiramu.

Tsiku lina ndikuwamanga zingwe za nsapato, buku langa linagwa m'thumba. Linali la nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, lopanda chikuto chakumbuyo. Analiyang'ana, kenako anandiyang'ana ine.

“Taima pa zenerapo,” anatero. “Ukuona chiyani?”

“Bwalo la mpira, bwana.”

“Pangatere ndege zingati?”

Ndinaseka. Iwo sanaseke.

“Zopanda injini zija, zochita kukokedwa ndi chingwe, zingapo zikhoza kutera pamenepo tiyi wako asanazizire. Ndipo palibe waikapo ngakhale mtengo umodzi wotchinga.”

Kuyambira m'mawa umenewo ndinakhala mwana wa sukulu wawo. Ndinkawameta ndevu pang'onopang'ono dala kuti nkhani italike. Anandiuza kuti pa nthawi ya nkhondo anali kalaliki mu ofesi ina ya zaukazitape, m'chipinda chopanda zenera. Mfuti sanaigwirepo. Chida chawo chinali pensulo. Dziko lonse linali ndi mantha kuti Ajeremani atsika kuchokera kumwamba ndi maparachuti, ndipo akuluakulu ankafuna kudziwa kuti asilikali angagwe angati m'mawa umodzi. Ku ofesiko kunkabwera zithunzi za mabwalo a ndege a adani zojambulidwa kuchokera m'mlengalenga, ndi timalipoti ta anthu amene anaona zinazake, kapena amene ankaganiza kuti anaona. Madala ndi anzawo ankawerenga ndege zonyamula asilikali, n'kuwerengera kuti imodzi imanyamula anthu angati, ingapite n'kubwerera kangati pa tsiku, ndi zingati zimene zingakhale zowonongeka.

“Sankatifunsa ngati mdani abwere kapena ayi,” ankatero, atakweza chala. “Zimenezo n'za mumtima mwake, ndipo mtima suoneka pa chithunzi. Ife tinkalemba zimene angathe kuchita. Ukakayika, tenga nambala yaikulu. Sindinaonepo munthu atachotsedwa ntchito chifukwa chochulutsa.”

Mawu amenewa ndinawalemba kuchikuto cha buku langa n'kuwadula mzere kunsi. Ndinkawabwereza kwa mkazi wanga mpaka anandipempha kuti ndiwerengere kaye masokosi anga amene angathe kukhala pansi pa bedi.

Tsiku lina ndinafunsa kuti mapepala awowo ankathera kuti.

“Ankakwera m'mwamba,” anatero Madala. “Kenako unkangoona zinthu zikuchitika. M'minda anazika mitengo ndi kukankhiramo magalimoto akutha kuti ndege zisatere. Zikwangwani za m'misewu anazizula. Mabelu a m'matchalitchi anawaletsa, kuti akadzalira tidzadziwe kuti afika.”

“Nanga anafika?”

“Sanabwere.”

Ndinapitiriza kuwameta. Kenako anandiuza za munthu wina wa mu msewu wawo, wokonza mawotchi, amene anathawa ku Jeremani komweko nkhondo isanayambe. Ankawapatsa masiwiti ali ana, ndipo ndiye anawakonzera wotchi yawo yoyamba. Mantha a maparachuti atakula, anthu anayamba kunena kuti otsikawo adzafuna owalozera njira. Apolisi anabwera m'mawa wina n'kumutenga, pamodzi ndi ena ambiri a mtundu wake, kukawatsekera ku kampu.

“Akanatha kuwalozera njira,” anatero Madala. “Chilankhulo ankachidziwa, misewu ankaidziwa. Akanatha.”

“Anabwerera?”

“Shopu yake anayamba kugulitsamo nsomba.”

Nkhani imeneyi ndinaimva ndi makutu anga awiri. Ndinapukusa mutu, ndinati pepani bwana, ndinawapukuta sopo kukhosi. Koma sindinailembe kuchikuto cha buku. Ndinatola mawu okoma aja a nambala yaikulu, wokonza mawotchi n'kumusiya pa mulu wa kaunjika uja.

Masana, mutu ukasokonekera, Madala ankatuluka ndi ndodo yawo kupita m'dimba. Ankakoka mipando ya pulasitiki umodziumodzi n'kuimwaza pa kapinga, wina apa wina apo, kuti ndege zisatere. Akamaliza ankapita pa kageti kaja, n'kuima, n'kumayang'ana bwalo la mpira ndi nkhope ya munthu amene waona ntchito yosiyidwa ndi aulesi. Ife tinkawasiya. Madzulo tinkabweza mipando ija, mawa lake iwo n'kuyambiranso. Inali ntchito yawo, ndipo inkawapatsa njala ya chakudya cha madzulo.

Kagetiko kanali kotsegula podina manambala. Tsiku lina wotchetcha kapinga anawapeza atakatsegula. Sanatuluke. Anangoima pakhomo penipeni, dzanja lili pa chitsulo. Nditathamangirako ndinawafunsa kuti bwanji sanapitirire.

“Kalaliki sachoka pa ofesi popanda chilolezo,” anayankha, ngati ndafunsa zopusa.

Manijala wathu anali mayi wabwino, wotopa nthawi zonse, woopa njanji ija kuposa imfa yake yomwe. Anatiitana tonse n'kunena kuti pakhala msonkhano wounika za Madala. Akaoneka kuti ali pa ngozi, asamukira m'mwamba, ku chipinda cha odwala mutu kwambiri, kumene zitseko zimakhala zokhoma usana wonse ndipo kudimba munthu amapita pokhapokha wina akapeza mpata womuperekeza. Akaoneka kuti ali bwino, angosintha manambala a geti n'kuwasiya pansi. Aliyense wowasamalira alembe zimene waona sabata imeneyo.

Tsono pa ntchito ya keya pali kalembedwe kake, kamene sikaphunzitsidwa ku kosi iliyonse. Manotsi a tsiku amakhala mizere itatu. Wadya bwino. Wamwa mankhwala. Watandala mwamtendere. Si bodza ayi, koma ndi choonadi chovala jekete, chosaonetsa nthiti. Ine kalembedwe kameneka kankandiwawa. Munthu wowerenga mabuku onse aja, n'kumalemba ngati mwana wa Sitandade 3!

Achemwali anandiona m'maso tili m'kachipinda ka antchito pa nthawi ya buleki.

“A Pulofesa, ndakuonani mwagula bolopeni yatsopano.”

“Yakale inatha, Achemwali.”

“Inatha eti? Tamverani. Mulembe ngati anthu. Mizere itatu, mwamva? Pepala la kuno lili ndi miyendo. Mukalisiya pa tebulo limanyamuka lokha, ndipo kumene likupita simungalitsatire.”

“Koma atiuza kuti tilembe zoona.”

“Ndani wati muname? Mwawaona atatuluka pa geti?”

“Ayi.”

“Basitu. Lembani kuti sanatuluke. Zinazo musiyire Mulungu ndi manijala. Paja ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.”

Ndinaseka nawo, ndinavomera, ndinawathira tiyi. Koma mumtima ndinali nditayamba kale kusanja mitu ya nkhani. Kwa nthawi yoyamba chichokereni ku Malawi, munthu wa mu ofesi ankafuna kuwerenga zolemba zanga. Zaka zonsezo ndinali manja ndi msana basi, wonyamula, wosambitsa, wopukuta. Tsopano wina anafuna mutu wanga.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi: njira yolembera ndinakafunsa kwa Madala omwewo. M'mawa wina ndikuwameta ndinati, “Bwana, lipoti labwino limayalidwa bwanji?” Nkhope yawo inawala. Anawerenga pa zala: mphamvu zimene ali nazo, mtunda, nthawi, ndipo pomaliza choipitsitsa chimene chingachitike. Sanafunse kuti lipotilo linali la ndani.

Ndinagwira ntchito ngati kazitape weniweni. Ndinayeza mapazi kuchokera pa khomo la chipinda chawo kufika pa geti. Pa buleki ndinadutsa bwalo la mpira ndikuyenda mwaukalamba, wotchi ili m'manja, ana a sukulu akundiyang'ana ngati wamisala. Ndinapeza kuti Madala angafike pa njanji m'mphindi zochepa kuposa zimene timatha tikugawa tiyi wa masana, pamene aliyense amakhala wotanganidwa ndipo kudimba kulibe diso. Ndinalemba kuti manambala a geti anawadziwa poyang'ana zala za wotchetcha kapinga, ndipo akasinthidwa angathe kuwadziwanso, pakuti manambala ndiwo anali ntchito yawo. Ndinalemba kuti munthu wokoka mipando isanu ndi umodzi pa kapinga ali ndi mphamvu zokwanira. Pamene ndinakayika, ndinatenga nambala yaikulu. Ndinagwiritsa mawu a Chingelezi amene ndinali nditawasunga zaka zambiri osapeza powatulutsira, ena ndinachita kuwatsimikiza mu dikishonale m'sitima.

Zoti sanatulukepo ndinalemba ndithu. Zili pa tsamba lachitatu, mzere womaliza, pansi pa zonse. Zoti kalaliki sachoka pa ofesi popanda chilolezo sindinalembe. Ndinaona ngati n'za mumtima, zosaoneka pa chithunzi.

Anzanga onse anapereka mizere yawo itatu. Ine masamba atatu, omanidwa bwino ndi kachitsulo pakona.

Mawa lake manijala anandiitana. Anati pa zaka zonse zimene wagwira ntchito sanaonepo lipoti lotere kuchokera kwa wa keya. Anati ndikuwononga mutu wanga, ndiyenera kukachita maphunziro. Ndinatuluka mu ofesimo nditatupa ngati finye. M'basi yopita ku Thamesmead ndinkamwetulira anthu osawadziwa, chinthu chimene kuno chimaopsa anthu. Kunyumba ndinabwereza mawu a manijala katatu, kachitatuko ndikuwonjezera pang'ono.

Patapita masiku anayi Madala anasamutsidwa. Ine ndemwe ndinanyamula sutikesi yawo, ndi matayi awo pa mkono. Mu lifiti anandifunsa ngati ofesi yasamukira kwina. Ndinati inde, bwana.

Achemwali anangopitiriza ntchito yawo. Ndikanakonda akanandikalipira.

M'mwambamo simunali moipa monga mmene mungaganizire. Munali moyera, motentha bwino, antchito ake achifundo. Koma zenera la Madala linayang'ana poimika magalimoto ndi khoma la njerwa, ndipo linkatseguka pang'ono pokha, polowa dzanja. Masana oyamba anayenda m'khonde lonse kufunafuna khomo la kudimba. Anagwedeza chitseko chilichonse. Kenako anayamba kukoka mipando ya m'chipinda chochezera, koma kumeneko mipando yomwazika imagwetsa anthu, ndiye anawaletsa mwaulemu. Tsiku lachiwiri anawaletsanso. Pofika sabata yachiwiri anasiya.

Ndinkakwera kukawaona pa buleki. Ndinkafuna kuwatengera kudimba, koma mphindi za buleki zinkathera mu lifiti ndi kuwaveka jekete, ndipo nyengo yozizira inali italowa. Ndinakwanitsa kawiri kokha. Kachiwiriko anaima pa kapinga, anayang'ana mipando itasanjidwa bwino pakhoma, n'kunena kuti akumva kuzizira.

M'mawa wina ndinawapeza mutu uli bwino kwambiri, monga zinkachitikira nthawi zina. Anali atakhala pa bedi, tayi ili m'manja.

“Khala pansi,” anatero. “Munthu sasamutsidwa popanda pepala. Ndikudziwa zimenezo. Analemba ndani?”

Ndikanatha kunena kuti ndi dokotala. Akanaiwala pofika masana.

“Ndine, bwana.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali, mopanda mkwiyo.

“Unayala monga ndinakuuzira?”

“Inde.”

“Unachulutsa?”

“Sindinaname, bwana. Zonse zimene ndinalemba n'zoona.”

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. “Nafenso sitinaname,” anatero. Kenako anandipatsa tayi ija kuti ndiwamange, pakuti zala zawo zinali zitayamba kukana.

Tsiku lomwelo ndinalemba lipoti lina, la tsamba limodzi, lopanda mawu a mu dikishonale. Ndinafotokoza za kalaliki ndi chilolezo, za mipando, za njala imene ntchito ija inkawapatsa. Manijala analiwerenga lonse, sanandithamangitse. Kenako anatsegula fayilo n'kutulutsa masamba anga atatu aja.

“Ndikumva zimene mukunena,” anatero. “Koma ndiyankheni chimodzi. Angathe kufika pa njanji, kapena sangathe?”

“Sangapite, mayi. Ndikuwadziwa.”

“Sindinafunse ngati angafune. Angathe?”

Ndinayang'ana zolemba zanga, zooneka bwino, mitu yake yodulidwa mizere kunsi ndi rula.

“Angathe.”

“Ndiye mukufuna ndisaine chiyani? Tsiku limene adzaiwale kuti ndi kalaliki, pepala ili lidzakhala pa tebulo la ofufuza, ndipo adzandifunsa kuti ndinaliwerenga kapena ayi.”

Sindimuda mayi ameneyu. Njanji ija inalipodi, ndipo tiramu siima ngati njinga. Mwina tsiku lina Madala akanatulukadi. Zimenezi ndimadziuza kawirikawiri, makamaka m'sitima, ndipo zimandigwira mpaka siteshoni yotsatira.

Munthu wokalamba akasiya kuyenda, miyendo imamuiwala msanga. Pofika pakati pa nyengo yozizira Madala anasiya ndodo n'kuyamba kuyendera chitsulo chogwira ndi manja awiri. Kenako anakhala pa njinga yokankha. Chakudya ankangochisuntha m'mbale. Tayi anasiya kuifunsa. Ndikabwera ndi buku langa la nkhondo n'kufunsa za ndege, ankayang'ana khoma la njerwa lija n'kunena kuti pamenepo sipangatere chilichonse. Sindikudziwa ngati ankanena mokondwa kapena modandaula.

Ndipamene ndinaganiza nzeru ina, yomaliza mwa nzeru zanga. Ndinapitanso kwa manijala.

“Mayi, tsopano sangathe. Ngakhale geti litakhala pululu, sangafike ndi pa kapinga pomwe. Abwerere pansi, aziona bwalo lawo pa zenera.”

Anavula magalasi n'kutikita m'maso. Anati ndikunena zoona. Koma chipinda chija anali atapatsa kale munthu wina, mayi wa sitiroko amene ana ake anasankha chipindacho chifukwa cha zenera lomwelo. Chipinda china cha pansi chikapezeka, Madala akhala oyamba.

Pa nyumba ngati imeneyo chipinda chimapezeka mwa njira imodzi yokha. Ndinadzipeza ndikuyang'ana nkhalamba za pansi, anthu amene ndinkawasambitsa ndi manja angawa, ndikuwerengera mumtima kuti ndani angathe kutisiya msanga. Ndinachita manyazi mpaka ndinakasamba kumaso. Onse anapirira nyengo yozizira ija bwinobwino. Chipinda choyamba kupezeka chinali cha m'mwamba, choyang'ana poimika magalimoto.

Anamwalira masana, mitengo itangoyamba kuphuka. Ndinali pa shifiti ya pansi, ndikugawa tiyi. Achemwali ndiwo anatsika kudzandiuza. Anandigwira pa phewa n'kunena kuti, “Achimwene, Madala apuma.” Chiyambire tsiku limenelo sananditchulenso kuti a Pulofesa. Ndinayesa kuwaputa kangapo, kuwaonetsa buku lonenepa kuti andiseke, koma ankangoti, “Werengani, achimwene, n'zabwino.”

Za maphunziro zija manijala anazikumbutsa kawiri. Anafunanso kundikweza kuti ndizilemba malipoti ounika anthu onse a pa nyumbapo, poti ndili ndi dzanja lake. Ndinati maso anga ayamba kuvuta. Mkazi wanga, amene amadziwa kuti ndimawerenga timalemba ta pa botolo la mankhwala popanda magalasi, anangondiyang'ana osafunsa.

Ndikadali pa ntchito ya keya, pa nyumba ina tsopano, kufupi ndi kwathu. Mabuku sindinasiye, chizolowezi sichimva manyazi. Lija lopanda chikuto chakumbuyo ndikadali nalo, ndi mawu a Madala odulidwa mzere kunsi. Pansi pake ndinadzawonjezera za wokonza mawotchi, mochedwa, ndi bolopeni ina. Manotsi anga ndi mizere itatu. Mwezi wathawu mtsikana wina watsopano, womaliza ku yunivesite, anawawerenga pa nthawi yosinthana shifiti n'kundifunsa mwaulemu ngati ndimavutika ndi Chingelezi, kuti akhoza kumandithandiza.

Ndinamuthokoza. Ndinati ndimavutika nachodi.